NTHAWI YA BATA: MPUMULO WA MAGANIZO M'MZINDA WA BULAWAYO

Ku madzulo kwa mzinda wa Bulawayo kuli komboni yaikulu yochedwa Pumula. Dzinali licokera ku mau a Cindebele akuti phumula, ndipo munthu wa ku Dedza, wa ku Chipata kapena wa ku Tete safuna womasulira kuti alimve, pakuti ndiwo mau omwewo amene mai anena kwa mwana wace pobwera ku munda ali wefuwefu. Koma anthu okhala m'makomboni a mzindawo adziwa kuti kupumula kuli mitundu iwiri. Kulipo kupumula kwa miyendo ndi msana, kumene munthu akupeza pongokhala pansi. Kuliponso kupumula kwa maganizo, kumene sikubwera pokhapokha makutu ndi mtima zitapeza bata. Anthu ambiri a m'mizinda agona usiku wonse, nadzuka ali otopa ndithu, osadziwa cimene cawatopetsa. Nkhani ino irikufotokoza za mpumulo waciwiriwo: cifukwa cace munthu ali yense afunika kanthawi ka cete tsiku ndi tsiku, cimene cimcitikira akakasowa, ndi kumene angakapeze ngakhale agona m'cipinda cimodzi ndi anthu asanu.

Mzinda wa Utsi

Bulawayo unali mzinda wa Lobengula, mfumu ya Amandebele, ndipo unatenthedwa mu 1893 pamene nkhondo ya Azungu inafika. Tauni yatsopano inakhazikitsidwa mu 1894. Mu 1897 njanji yocokera ku mwera inalowa, ndipo mu 1905 mlatho wa pa Victoria Falls unatsegulidwa, masitima nayamba kuoloka Zambezi kunka ku mpoto. Kuyambira pamenepo Bulawayo unasanduka likulu la njanji ndi mudzi wa mafakitale a nsaru, a zitsulo ndi a nyama, kotero kuti eni dziko anaucha koNtuthu ziyathunqa, ndiko kunena kuti kumene kufuka utsi.

Nchito imeneyi inaitana amuna ocokera kutali. Anthu a ku Nyasaland, a ku Northern Rhodesia ndi a ku Mozambique anadza, ena pansi ndi miyendo, ena pa malole ochedwa Ulere. Ambiri anati akakhala zaka ziwiri zokha kuti apeze ndalama za msonkho ndi njinga. Ena anakhaliratu, nachedwa machona, ndipo zidzukulu zao zikalipo ku Makokoba, komboni yakale koposa zonse, ndi ku Sizinda, kumene kunamangidwa nyumba za anchito a pa njanji.

Makomboniwo anamangidwa ku madzulo kwa tauni, pafupi ndi mafakitale ndi njanji, ndipo cipinda cimodzi cinali kugonamo amuna angapo. Ku m'mawa ndi ku mwera kwa tauni, ku malo onga Hillside ndi Kumalo, kunali nyumba za mabwalo akulu ndi mitengo ya mthunzi, koma malamulo a nthawi imeneyo anasungira Azungu okha malowo. Motero bata nalonso linagawidwa monga anagawira nthaka: ena analandira locuruka, ena sanalandire konse. Pamene anchito a pa njanji ananyanyala nchito mu 1945, ndi pamene anchito a mzinda wonse anatero mu 1948, madandaulo ao sanali a malipiro okha ai, komanso a malo ogona.

Womvera asaganize kuti mau onse a m'tauni anali oipa. Ku Stanley Hall ku Makokoba anthu anali kubvina ndi kumva nyimbo. Ku Bulawayo komweko August Musarurwa anapeka nyimbo ya Skokiaan, imene mu 1954 inachuka kufikira ku America. Ndipo timu ya mpira ya Highlanders, imene inayamba mu 1926, idzaza bwalo la Barbourfields ndi cimwemwe kufikira lero. Mu 1949 kunabweranso wailesi yaing'ono ya mtengo wocepa yochedwa Saucepan Special, imene inalowetsa mau a ku Lusaka m'nyumba za anthu wamba. Zonsezi zinatonthoza alendo osowa kwao. Coipa si ng'oma ai, koma ng'oma yosalekeza. Ndipo akulu anati, ng'oma yoliritsa sicedwa kung'ambika.

Cimene Anasiya ku Mudzi

Mudzi suli wopanda phokoso. Mitondo ilira m'mawa, ana asewera, agaru auwa, ndipo pa nthawi ya gule ng'oma zicezera usiku wonse. Mudzi ulinso ndi mabvuto ace a njala, matenda ndi mirandu. Koma phokoso la ku mudzi liri ndi polekezera. Gule akatha, mudzi uti zii. Munthu wolima m'munda mwace akhala maola ambiri osamva kanthu koma khasu ndi mbalame. Mnyamata woweta ng'ombe, msodzi wodikira pa bwato, nkhalamba yoluka mphasa kapena kusema mpini pansi pa mtengo, mai wopita ku nkhuni: onsewa alandira bata popanda kulifuna, pakuti liri m'kati mwa nchito yao yomweyo.

Mwambo nawonso unadziwa mtengo wace wa kukhala cete. Pa bwalo la mirandu mfumu siyankha msanga; iyamba yamva mbali zonse, nkuwerama kanthawi, ndipo kawirikawiri iti mlandu ugone. Pa maliro anthu akhala pamodzi ndi anamfedwa nthawi yaitali osanena zambiri, ndipo kukhalako ndiko kutonthoza. Munthu wa ku mudzi sanali kuchula zinthu zimenezi kuti mankhwala, monga nsomba sichula madzi. Anazindikira kufunika kwace atafika ku tauni, kumene lipenga la pa fakitale limdzutsa, makina amgonthetsa usana wonse, ndipo usiku khoma lopyapyala limfikitsira mikangano ya anansi ace. Walira mvula walira matope: wofuna malipiro a m'tauni analandira ndi phokoso lomwe.

Phokoso la Masiku Ano

Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa 665,000 m'Bulawayo. Mafakitale ambiri anatsekedwa m'zaka za mabvuto a cuma zimene zinatsata caka ca 2000, ndipo utsi unacepa. Koma phokoso silinacepe, linangosintha mtundu. Lero kuli timabasi tochedwa makombi ndi anyamata oitanira okwera, kuli zokuzira mau pa makomo a masitolo, pa malo omwera mowa ndi pa misonkhano ya mapemphero, ndipo magetsi akazima majenereta ayamba kulira. Mu 2019, pamene madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, magetsi anali kuzima kufikira maola 18 pa tsiku.

Koma kulinso phokoso lina lacilendo, limene makolo sanalidziwe, ndilo la foni ya m'manja. Phokosoli sililowera m'khutu mokha, koma m'maso ndi mumtima. Mabanja ambiri a m'Bulawayo ali ndi abale ku Johannesburg ndi ku maiko ena, ndipo foni ndiyo iwagwirizanitsa, ndiyonso njira ya ndalama ndi ya malonda. Palibe anganene kuti ndi yacabe. Komabe pa WhatsApp pali magulu a banja, a chalichi, a sukulu, a bungwe la maliro ndi a malonda, ndipo mauthenga agwa usana ndi usiku monga matalala pa denga la malata. Lipenga la pa fakitale linali kulira pa nthawi zace zodziwika, nkuleka. Foni iribe nthawi yowerukira. Munthu alowa nayo m'cipinda cogona, aiika ku mutu, ndipo ndiyo cinthu coyamba cimene aona podzuka. Tinthawi tating'ono timene kale tinali ta cete, monga podikira basi kapena poyembekeza kuti madzi awire, tonse tadzazidwa.

Cimene Phokoso Licita m'Thupi

Diso liri ndi cikope, koma khutu liribe. Ngakhale munthu ali m'tulo, khutu lace likhala maso ngati mlonda, ndipo likamva mau akulu lidziwitsa bongo kuti mwina kwagwa zoopsa. Pomwepo thupi litulutsa m'magazi timadzi tochedwa adrenaline ndi cortisol; mtima ugunda msanga, mitsempha ikungika, ndipo magazi athamanga. Makonzedwe amenewa ndi abwino kwa munthu wokomana ndi mkango m'chire, pakuti amthandiza kuthawa. Koma akacitika kambirimbiri tsiku liri lonse popanda mkango, thupi likhala ngati uta wokokedwa wosamasulidwa. Zotsatira zace ndizo tulo tosakoma, mutu, kupsa mtima msanga, kuiwala, ndipo patapita zaka, kuthamanga kwa magazi ndi nthenda za mtima. Munthu atha kunena kuti anazolowera phokoso, ndipo nzoona kuti saliganiziranso. Koma akatswiri oyesa anthu ogona apeza kuti mtima upitirira kudzidzimuka ngakhale mwini wace sadzuka.

Kukula kwa mau kuyesedwa ndi muyeso wochedwa decibel. Kunong'ona kuli ngati 30, ndipo kukambirana kwa anthu awiri kuli ngati 60. Bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, linalangiza mu 1999 kuti m'cipinda cogona phokoso losalekeza lisapitirire 30. Mu 2011 bungwe lomwelo linawerengera kuti ku maiko a ku madzulo kwa Ulaya, phokoso la magalimoto, masitima ndi ndege litayitsa anthu zaka za moyo wathanzi zosacepera miliyoni imodzi caka ciri conse, makamaka cifukwa ca kusokoneza tulo.

Nkhani ina yoyenera kumveka m'mzinda wa njanji inacitika ku New York. Kumeneko kunali sukulu yomangidwa pambali pa njanji, ndipo sitima iri yonse ikamadutsa mphunzitsi anali kuleka kulankhula kufikira itapita. Mu 1975 mai wina wophunzira za maganizo a anthu, Arline Bronzaft, anaonetsa kuti ana a m'zipinda zoyang'ana ku njanji anatsalira pa kuwerenga, ena pafupifupi caka cathunthu, polinganiza ndi anzao a mbali yacete ya sukulu yomweyo. Pambuyo pace anaika mphira pansi pa njanji, nakonza madenga a zipindazo kuti acepetse mau. Ndipo poyesanso, anapeza kuti ana a mbali zonse ziwiri alingana. Anawo sanali opusa ai. Phokoso ndilo linali kuwabera nzeru.

Cimene Bata Licita m'Bongo

Mai ali yense wa m'Bulawayo, mzinda umene ubvutika ndi kusowa kwa madzi kawirikawiri, adziwa cocita ndi madzi obvunduka. Sawatakasa ai; awaika pambali m'ndowa, ndipo matope atsika okha, madzi nayera. Maganizo a munthu ali cimodzimodzi.

Kale anthu ambiri anayesa kuti munthu akakhala cete osacita kanthu, bongo wace nawonso uima. Mu 2001 dokotala Marcus Raichle ndi anzace ku St. Louis, ku America, pogwiritsa nchito makina ojambula za m'kati mwa mutu, anafotokoza kuti sizitero. Pali mbali zina za bongo zimene zigwira nchito kwambiri pa nthawi imene munthu sacita kanthu, ndipo zicepetsa nchito yao akayamba kulimbana ndi za kunja. Mbali zimenezi ndizo zithandiza munthu kukumbukira zakale, kulingalira za mawa, ndi kuganizira za iye mwini ndi za anzace. Bongo ulemera magawo awiri okha mwa magawo 100 a thupi, koma udya ngati gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu za thupi lonse, ndipo kudyako sikucepa kwenikweni munthu akapumula. Wokhala cete pa khonde si waulesi. M'mutu mwace mulikusesedwa ndi kulongedzedwa.

Mu 2012 Michaela Dewar ndi anzace ku Edinburgh anauza anthu acikulire tinkhani tatifupi. Nthawi zina anthuwo atamva kankhani anapumula cete mphindi khumi m'cipinda ca mdima pang'ono. Nthawi zina anapatsidwa masewera ena pomwepo. Patapita masiku asanu ndi awiri, anakumbukira bwino koposa tinkhani timene tinatsatidwa ndi mpumulo. Akulu sananame ponena kuti mau a akulu akoma akagonera. Mwana wa sukulu amene atseka buku nkutsegula foni pomwepo afanana ndi munthu wobzala mbeu nkuzifukula zisanamere.

Ngakhale kanthawi kocepa kathandiza. Mu 2006 dokotala Luciano Bernardi wa ku Pavia, ku Italy, anali kuyesa mitima ya anthu omvera nyimbo za mitundu mitundu, ndipo pakati pa nyimbozo anaika mphindi ziwiri za cete. Anapeza kuti pa mphindi ziwirizo kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi kunatsika koposa pa nyimbo yofatsa iri yonse, kunatsikanso koposa m'mene kunaliri asanayambe kumvera.

Cifukwa Cace Kukhala Cete Kubvuta

Womvera angafunse kuti, ngati bata liri labwino cotere, nanga anthu alithawiranji? Funsoli ndi loyenera. Mu 2014 Timothy Wilson ndi anzace ku Virginia, ku America, anaika anthu m'cipinda copanda kanthu, ali yense payekha, kwa mphindi 6 kufikira 15, opanda foni kapena buku. Ambiri sanakondwe nako. Pa kuyesa kwina anawasiyira kabatani kobaya ndi magetsi. Ndipo amuna 12 mwa 18, ndi akazi 6 mwa 24, anasankha kudzibaya okha kusiyana ndi kungokhala ndi maganizo ao.

Cifukwa cace sicibisika. Phokoso likaleka, zimene munthu anali kuzikankhira kumbuyo zibwera poyera: ngongole, ndalama za nyumba, za sukulu ya ana, mau oipa amene ananena kwa mkazi wace, mwana amene anapita ku Johannesburg ndipo saimbanso foni. Motero ambiri akweza wailesi kapena apita ku mowa, osati cifukwa ca cimwemwe, koma kuti asamve za mumtima mwao. Koma cironda cobisidwa pansi pa nsaru sicipola. Nkhawa zosayang'anidwa usana zidikira usiku, ndipo ndizo zimdzutsa munthu tambala asanalire. Amene aphunzira kukhala nazo kanthawi tsiku liri lonse ayamba kuzisiyanitsa: iyi ingakonzeke mawa, iyi ifuna uphungu wa wina, iyi iribe cocita koma kupirira. Masiku oyamba abvuta ndithu, ndipo maganizo alumphalumpha ngati pusi. Koma kuona maso a nkhono nkudekha.

Bata Si Kusungulumwa

Pano pafunika cenjezo, pakuti si cete ali yense aciritsa. Pa 30 March 2020 boma la Zimbabwe linalamula anthu kukhala m'nyumba cifukwa ca mliri wa COVID-19. Miseu yotakata ya Bulawayo inati zii, makombi anaima, misika inatsekedwa. Koma cete ameneyo sanapumulitse anthu, pakuti anadza ndi mantha ndi njala, ndipo analekanitsa anthu ndi abale ao ngakhale pa maliro. Mu 2022 World Health Organization inalengeza kuti m'caka coyamba ca mliriwo matenda a nkhawa ndi a kukhumudwa anaonjezeka ndi magawo 25 pa 100 pa dziko lonse. Bata lociritsa ndilo limene munthu asankha yekha, nalowamo kanthawi, naturukamo kubwerera kwa anzace. Bata lokakamizidwa, ndi la munthu wosowa womuuza zace, ndi ndende.

Ndiponso kukhala cete sikutanthauza kubisa mabvuto. Mwambi uti, cetecete sautsa nyama. Munthu akakhala wacisoni masabata awiri kapena kuposa, osagona, osafuna kudya, osakondwa ndi zimene kale anali kuzikonda, akadzipatula kwa anthu, makamaka akayamba kuganiza zodzipha, ameneyo safunika kumsiya yekha kuti apumule. Afunika mbale womvera, ndi kupita naye ku cipatala msanga, pakuti imeneyo ndi nthenda monga malungo, ndipo iri ndi cithandizo.

Bulawayo udziwa nkhani imeneyi kuyambira kale. Cipatala ca Ingutsheni, ca odwala maganizo, cinatsegulidwa mu 1908, ndipo kwa zaka zambiri cinali kulandira odwala ngakhale ocokera ku Northern Rhodesia, kufikira cipatala ca Chainama citatsegulidwa ku Lusaka mu 1962. Ku Nyasaland cipatala ca odwala otere cinamangidwa ku Zomba. Olemba mbiri aonetsa kuti ambiri mwa amuna amene anasungidwa ku Ingutsheni m'zaka zoyambazo anali anthu a ulendo, okhala kutali ndi kwao. Anali pakati pa khamu, koma analibe wao.

Njira ina yatsopano inayamba ku Mbare, ku Harare, m'caka ca 2006, pansi pa dokotala Dixon Chibanda. Ichedwa Friendship Bench. Agogo acikazi ophunzitsidwa akhala pa benchi kunja kwa cipatala caching'ono, ndipo munthu wobvutika ndi cimene Ashona acicha kufungisisa, ndiko kuganiza mopitirira, adza kudzakhala nao. Agogowo amvetsera, nathandiza munthuyo kusankha bvuto limodzi ndi kupeza yekha njira yolithetsera. Zotsatira za kuyesa njirayi pa anthu 573 m'zipatala 24 za ku Harare zinafalitsidwa mu 2016: patapita miyezi isanu ndi umodzi, mwa amene anakhala pa benchi anthu ngati 14 pa 100 ndiwo anali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pamene mwa enawo anali ngati 50 pa 100. Njirayi yafalikira m'Zimbabwe, yafikanso ku Malawi ndi ku maiko ena. Cimene agogowo apereka si cacilendo kwa munthu wa ku mudzi: malo a phee, ndi khutu losafulumira kuyankha.

Kumene Bata Lipezeka

Bulawayo uli ndi mwai umene mizinda yambiri iribe. Pakati peni peni pa tauni pali munda wa mitengo wa Centenary Park. Ku mwera kuli madamu akale a Hillside Dams, ozingidwa ndi miyala ndi chire. Ndipo nyumba ya mabuku ya Bulawayo Public Library, imene inayamba mu 1896, ikali malo amene lamulo lace ndilo kukhala cete. Makilomita ngati 35 ku mwera kuli mapiri a Matobo, amene eni dziko awalemekeza ngati malo opatulika kuyambira kale, ndipo bungwe la UNESCO linawalemba m'gulu la cuma ca dziko lonse mu 2003, monga linalembera mabwinja a Khami mu 1986. Akatswiri a ku Exeter, ku England, atafunsa anthu pafupifupi 20,000, anafalitsa mu 2019 kuti amene akhala pakati pa mitengo ndi udzu mphindi 120 kapena kuposa pa sabata ndiwo anena kawirikawiri kuti ali ndi thanzi ndi mtendere. Ndipo zinalibe kanthu ngati mphindizo zinali za tsiku limodzi kapena zogawidwa pa masiku angapo.

Koma mai wogulitsa tomato ku Makokoba, kapena mlonda wa ku Nkulumane, sangapite ku Matobo sabata liri lonse. Bata lace ayenera kulipeza pafupi, ndipo njira zace nzosalira ndalama. Yoyamba ndiyo mbandakuca. Ngakhale komboni ya phokoso koposa iri ndi kanthawi ka cete dzuwa lisanaturuke, ndipo wodzuka mphindi khumi anzace asanadzuke, nakhala panja osagwira foni, ayamba tsiku ali mwini wace wa maganizo ace. Yaciwiri ndiyo nchito ya manja yosafuna mau: kuthirira kadimba ka ndiwo kuseri kwa nyumba, kusoka, kuluka, kukonza njinga. Yacitatu ndiyo kuyenda pansi mbali ina ya njira yocokera ku nchito, popanda zomvera m'makutu, kuti mkwiyo wa ku nchito utsale pa mseu usalowe m'nyumba. Yacinai ndiyo kuikira foni malire: isakhale pa mphasa pa nthawi ya nsima, ndipo usiku igone pa yokha, patali ndi mutu. Wailesi yomwe, ngakhale ndi bwenzi labwino la pa nyumba, iri ndi kabatani kotsekera, ndipo si mwano kukagwiritsa nchito. Kwa opembedza, chalichi kapena mzikiti pa nthawi imene mulibe anthu ndi malo opumuliramo mtima. Ana nawonso afunika kanthawi kongokhala, opanda kanema ndi opanda wowatuma.

Cofunika si kutalika kwa nthawi, koma kusadumpha masiku. Mphindi khumi tsiku ndi tsiku ziposa tsiku lathunthu kamodzi pa caka. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Potsiriza, bata liri ngati citsime ca mudzi: mmodzi akabvundula, onse amwa matope. Munthu wokweza nyimbo pakati pa usiku sadziwa kuti kuseri kwa khoma kuli namwino wa ku cipatala ca Mpilo amene alowa nchito m'mawa, kuli wophunzira wodikira mayeso, kuli khanda ndi nkhalamba yodwala. Kutsitsa mau cifukwa ca mnansi ndi ulemu womwewo umene ucititsa mlendo kunena odi pa khomo. Ndipo pamene anthu a m'makomboni apempha akulu a mzinda madzi, miseu ndi magetsi, ayenera kupemphanso mitengo, mabwalo a udzu ndi nyumba za mabuku, kuti bata limene kale linali la mbali imodzi ya tauni likhale la onse.

Amuna amene anatsika sitima pa Bulawayo zaka zambiri zapitazo anadza ndi mphamvu za manja ao, ndipo mzinda unazigula. Koma mpumulo umene anausiya ku mudzi panalibe sitolo yougulitsa. Zidzukulu zao za ku Bulawayo, pamodzi ndi anzao a ku Lusaka, ku Blantyre ndi ku Lilongwe, zikhala m'dziko lofulumira koposa, ndipo bata silidzawatsata lokha monga linatsata makolo ao m'munda. Liyenera kufunidwa dala, ndi kusungidwa monga asungira mbeu. Mlimi wanzeru agoneka munda wace kuti udzabalenso. Ndipo munthu amene apatsa maganizo ace kanthawi ka cete sanataye nthawi, koma abwerera kwa banja lace ndi ku nchito yace ali ndi mtima wokhoza kumva anzace.